Citric acid wa ku China akangodutsa pa doko la dziko lina, ndi wa kuti?

Kamtedza_88:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito yogula katundu ku kampani ina yoitanitsa ma chemical, makamaka citric acid ndi zina zothira mu zakumwa, ndipo kumene timalowetsa katunduyo kuli msonkho wa anti-dumping (msonkho woonjezera pa katundu wogulitsidwa kunja motchipa kuposa mtengo wa kwawo, zimene amati dumping) pa citric acid wa ku China. Nde supplier wina walemba kuti musadandaule bwana, katundu yemweyo timudutsitsa dziko lina, kumeneko tisintha matumba ndi kontena, satifiketi ya origin (yonena dziko limene katundu anapangidwa) ituluka ya komweko, inu mulipira msonkho wamba basi. Mtengo wake ngotsika zedi moti abwana anga akuti tiyese kontena imodzi kaye. Ine mtima sukundilola. Kodi anthu ofufuza zimenezi amayamba bwanji, ndipo akagwira amagwira ndani, wotumizayo kapena ife olandira?

Ajenti_wakale:
Amagwira inu. Dzina limene lili pa declaration ya kasitomu ndi lanu, supplier ali kutsidya kwa nyanja, lamulo la dziko lanu silimufika. Musayese ngakhale kontena imodziyo.

Gologolo:
Koma tiyeni tinene zoona, msonkho umenewu ndi wachilungamo? Munthu akugulitsa motchipa, ogula akusangalala, boma nkubwera kudzakweza mtengo kuti liteteze makampani awiri atatu olemera kale. Ine sindikunena kuti a Kamtedza azembe ayi, koma ndikumvetsa chifukwa chake anthu amazemba.

MaiNachisale:
A Gologolo nkhani ya chilungamo tibwereranso, tiyankhe kaye funso la munthu. A Kamtedza, chimene akukuuzanicho chinachitikapo kale pa katundu yemweyo. European Union inaika msonkho wa anti-dumping pa citric acid wa ku China mu 2008, wapamwamba unali 42.7 peresenti. Patapita zaka anaona kuti citric acid wochokera ku Malaysia wachuluka mwadzidzidzi, nthawi yomweyonso wa ku China wopita ku Malaysia wakwera. European Commission inatsegula kafukufuku mu 2015, ndipo kumayambiriro kwa 2016 msonkho uja anaufalitsa kuti ugwirenso citric acid aliyense wotumizidwa kuchokera ku Malaysia, kaya pepala likuti ndi wa ku Malaysia kaya ayi.
Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi ichi, tsiku limene kafukufuku watsegulidwa a kasitomu amalamulidwa kuyamba kulemba mu kaundula kontena iliyonse imene ikulowa. Kafukufukuyo ku EU amayenera kutha pa miyezi 9. Akapeza kuti kunali kuzemba, msonkho amautolera kuyambira tsiku lija analamula kulemba. Ndiye inu katundu munagulitsa kale, munawerengera phindu, ndalama munagwiritsa ntchito, kenako kalata ikubwera yoti lipirani za makontena onse a miyezi yapitayo.

Kamtedza_88:
Eeh, ndiye amadziwa bwanji poyamba penipeni? Wina amakawanong'oneza?

MaiNachisale:
Nthawi zambiri ndi makampani opanga katundu yemweyo mdziko lolandiralo, iwowa amayang'ana ma statistics a kasitomu mwezi ndi mwezi chifukwa ndi msika wawo. Akangoona dziko limene silinkagulitsa ngakhale thumba layamba kutumiza matani ambirimbiri amakadandaula. Boma lingathenso kuyamba lokha. Lamulo la EU ndi Regulation 2016/1036, ndime 13, ndipo amafuna kuona kuti njira ya malonda yasintha, kuti kusinthako kulibe chifukwa china chomveka kupatula msonkhowo, kuti msonkho wasiya kugwira ntchito yake pa mitengo kapena kuchuluka kwa katundu, komanso kuti dumping ikadalipo poyerekeza ndi mtengo umene anaupeza pa kafukufuku woyamba.

Ajenti_wakale:
Ndionjezere pang'ono pa zimene anena mayi. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kufalitsa msonkho ku dziko lina ndi nkhani ya a zamalonda, sikuti munthu wapalamula mlandu. Koma kulemba origin yabodza pa declaration ndi chinyengo, ndipo pamenepo sadikira kafukufuku wa circumvention (wa kuzemba msonkho uja) ayi, msonkho woyamba uja unali wanu kale kuyambira tsiku loyamba chifukwa katunduyo ndi wa ku China basi. Ku EU a kasitomu angathe kubwerera mmbuyo zaka 3 kudzatolera, ndipo ngati nkhaniyo ndi yoti ingapite ku khoti la milandu nthawiyo imatalikirapo. Kulinso OLAF, ofesi yawo yolimbana ndi chinyengo, amapita ku madoko a mayiko odutsamo kukaona ma record a kontena yolowa ndi yotuluka. Kulemera kwa katundu kukafanana, masiku nkuyandikana, nkhani yatha.
Zimene supplier wanuyo akunena zili mbali yachiwiriyi. Ndipo uthenga umene wakulemberaniwo ndi umboni woti munkadziwa.

Phwitiko:
Ndiye aufufute uthengawo?

Ajenti_wakale:
Ayi achimwene. Ausunge, ayankhe polemba kuti takana, abwana aone. Kufufuta ndiye kudziika pa mavuto ena.

Nkhwazi77:
Kwa amene amatumiza ku America, kumeneko zinakhwima kwambiri kuyambira 2016 pamene lamulo la Enforce and Protect Act linayamba, ambiri amangoti EAPA. Kampani yopikisana nanu imakapereka dandaulo ku Customs and Border Protection, a kasitomu a kumeneko, iwo ali ndi masiku 15 a ntchito kuti aganize zotsegula kafukufuku, pofika masiku 90 angathe kuyamba kukulipiritsani deposit ya msonkho wonse pa kontena iliyonse, chigamulo chimabwera pa masiku 300 kapena kuonjezera 60 ngati nkhani ndi yovuta. Ma chemical monga xanthan gum ndi glycine a ku China anadutsamo mu njira imeneyi kangapo.
Koma nkhani imene imandiopsa ine ndi ya saccharin, chotsekemeretsa cholowa mmalo mwa shuga. Mu 2019 kampani ya Univar USA inavomera kulipira madola 62.5 miliyoni kuti ithetse mlandu umene boma la America linaisumira, boma linkati makontena a saccharin amene analowa pakati pa 2007 ndi 2012 ngati a ku Taiwan anali a ku China, ndipo msonkho wake unali 329 peresenti. Msonkho umene ankati unazembedwa unali pafupifupi madola 36 miliyoni, zinazo ndi chiongoladzanja ndi chindapusa. Taonani zaka, katundu womaliza 2012, kulipira 2019. Anthu amene anasainira ma order mwina anali atachoka kale pa ntchito koma kampani inalipira.

Gologolo:
329 peresenti!! Mukuona zimene ndikunena? Pamenepo cholinga nkutseka chitseko basi, palibe za kukonza mtengo. Ndipo pa citric acid yemweyu tisaiwale kuti mu 2001 European Commission inalipiritsa makampani asanu chindapusa cha ma euro 135 miliyoni chifukwa chopangana mitengo ya citric acid mzaka za mma 1990. Patapita zaka zochepa opanga a ku Europe akubwera kudzati titetezeni kwa a ku China. Ogula amene anaberedwa nthawi ya kupangana ija ndi omwewonso akulipira msonkhowu. Ine zimandipweteka zimenezi, chifukwa wopanga zakumwa, wopanga sopo, wopanga mankhwala a ku chipatala, onsewo amagwiritsa ntchito anthu ambiri kuposa fakitale ya asidiyo, koma mawu awo samveka.

MaiNachisale:
Za 2001 zo ndi zoona, sindikutsutsani. Komanso ndi zoona kuti ma chemical ali mgulu la katundu amene amasumiridwa kwambiri pa dumping padziko lonse, pamodzi ndi zitsulo, chifukwa fakitale ya chemical ikamangidwa siyenera kuima, ndiye ikapanga zoposa msika wa kwawo zotsalazo imazitaya kunja pa mtengo uliwonse. Wopikisana naye akatseka fakitale siitsegukanso mawa, ndi ndalama zambiri komanso zaka. Ogula amasangalala zaka zoyamba kenako amapezeka ali ndi gwero limodzi lokha. Mu 2021 pamene sitima zinasowa ndipo mitengo ya kontena inakwera, amene ankadalira dziko limodzi anaona okha.
Pa mawu a ogula, ku EU kuli chimene amachitcha Union interest, ogwiritsa ntchito katundu ali ndi ufulu wolembetsa ndi kupereka ma figure awo, ndipo kulinso lamulo loti msonkho usapose pamene pakukwanira kuchotsa kuvulala kwa opanga. Ku America zimenezi kulibe, nchifukwa chake mumaona manambala ngati 329. Manambala otere kawirikawiri amabwera pamene makampani sanayankhe mafunso a ofufuza ndiye boma limagwiritsa ntchito zimene lili nazo. Pangano la WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, limanenanso kuti msonkho uyenera kuunikidwanso pakatha zaka 5, apo ayi uthe. Amene akuona kuti ndi wosalungama malo ake omenyera nkhondo ndi pamenepo.

Gologolo:
Kumenyako kumafuna ma loya a ku Brussels kapena Washington, kampani yaing'ono iwapeza kuti? Ndipo misonkho ina ya zaka 5 imeneyi yakhala ikuonjezeredwa kuyambira mma 1990, glycine wa ku China ku America anayamba 1995 mpaka lero.

MaiNachisale:
Pamenepo ndikuvomerezani. Ang'onoang'ono amayenera kudutsira mu bungwe lawo la amalonda, paokha sangakwanitse.

Firiji_Master:
Pepani ndilowerere, ine ndimakonza ma firiji ndi ma air con. Ndinamva kuti gasi wathu nayenso anali ndi nkhani ngati yomweyi, ndi zoona?

WaLabu:
Zoona akulu. R-410A amene mumathira mu ma air con ndi kusakaniza kwa R-32 ndi R-125, theka theka. Mu 2016 America inaika msonkho pa ma blend a HFC (magasi osakaniza ngati ameneyu) ochokera ku China koma zosakanizirazo pazokha sizinalowe mu msonkho. Ndiye anthu anayamba kuitanitsa R-32 payekha, R-125 payekha, kapena blend yosamalizidwa, nkudzasakanizira ku America konko. Mu 2020 Department of Commerce, unduna wa zamalonda wa kumeneko, inagamula kuti blend yosamalizidwa ndi kuzemba koma zosakanizira pazokha sinazilowetse mu msonkho uja, ndipo pambuyo pake R-32 ndi R-125 aliyense anapatsidwa msonkho wakewake.

Firiji_Master:
Ine chimene chimandidandaulitsa ndi ma silinda olembedwa china mkati muli china. Compressor imapsa kasitomala nkumati ndiwe wosadziwa ntchito. Ndipo akuti magasi amenewa akuwachepetsa eti?

WaLabu:
Akuwachepetsa pang'onopang'ono chifukwa cha pangano la ku Kigali la 2016, amatenthetsa dziko kwambiri. Imeneyo ndi nkhani ya ma quota, yosiyana ndi dumping, ngakhale ozembetsa nthawi zina ndi anthu amodzimodzi. Gulani ka makina koyezera gasi musanathire, silinda yabodza nthawi zina imakhala ndi gasi woyaka moto.

Phwitiko:
Tibwerere ku nkhani. Ine funso langa ndi ili, nanga ngati sanangosintha matumba koma achitapo ntchito ndithu? Mwachitsanzo abweretsa wakuda amuyeretsa, kapena amusungunula mmadzi, kapena amusakaniza ndi china. Pamenepo si katundu wa dziko lachiwirilo?

WaLabu:
Apa mpamene pali nkhondo yeniyeni, ndipo ma chemical amavuta kuposa njinga kapena TV chifukwa ufa woyera ndi ufa woyera, suona ndi maso kuti wachokera kuti. Ofufuza amafunsa kuti kodi molecule yeniyeniyo inabadwira kuti. Kuyeretsa, kusefa, kugaya, kusungunula, kupakira, zonsezi sizipanga molecule yatsopano. Glycine ndi chitsanzo chabwino, mu 2012 Commerce inafufuza makampani a ku India amene ankatumiza glycine ku America, ena anapezeka kuti ankangotenga wa ku China nkumuyeretsa ndipo msonkho unawagwira, koma ina inapezeka kuti imapanga yokha ndipo inasiyidwa.
Za kusakaniza nazonso zinayesedwa kale. Mu 2003 EU inafalitsa msonkho wa zinc oxide wa ku China kuti ugwire wodutsira ku Vietnam komanso wosakanizidwa ndi silica. Mu 2020 anachita chimodzimodzi ndi monosodium glutamate (MSG, wokometsera zakudya) wa ku China, anthu ankamusakaniza ndi zina pang'ono kuti HS code, nambala imene a kasitomu amazindikirira mtundu wa katundu, isinthe, ndiye anagamula kuti chosakaniza chilichonse chimene MSG wake wafika theka kapena kuposa chilipire. Glyphosate, mankhwala ophera udzu aja, msonkho wake unafalitsidwa ku Malaysia ndi Taiwan mu 2002. Coumarin, wonunkhiritsa uja, ndiye anamuthamangitsa kawiri, India ndi Thailand mu 2004 kenako Indonesia ndi Malaysia mu 2006. Njira zimene supplier amakuuzani ngati nzeru zatsopano ofufuza anaziona zaka makumi awiri zapitazo.
Ife ku labu timathandizako koma osati mmene anthu amaganizira. Zotsalira za mkati mwa chemical zimasonyeza njira imene anapangira. Citric acid amapangidwa ndi nkhungu ya Aspergillus niger imene imadya shuga, ndipo carbon ya shuga wa chimanga imasiyana ndi ya chinangwa kapena beet, makina amatha kuona. Ndiye fakitale ikanena kuti timagwiritsa ntchito chinangwa koma sample ikuonetsa chimanga, pali funso. Koma makinawo sanena dzina la dziko, chimanga chimalimidwa kulikonse. Zimene zimamaliza mlandu ndi mabuku a fakitale.

Dzombe_J:
Pa mabuku a fakitalepo ndichitireko umboni. Ndinagwirapo ntchito mu accounts ku fakitale ina ya ma chemical mdziko limene linkaganiziridwa kuti ndi njira yodutsira. Ifeyo tinkapanga zenizeni. Titamva kuti kafukufuku watsegulidwa tinapatsidwa nthawi yochepa kwambiri yolembetsa ndi kuyankha questionnaire yaikulu, tinkagona mu ofesi. Kenako anabwera okha kudzaona. Satifiketi ya origin sanaiyang'ane nkomwe, anafuna ma bilu a magetsi mwezi ndi mwezi, ma invoisi a zipangizo, payroll, ma record a batch iliyonse, anakayenda mu plant kuwerenga matanki nkuchulukitsa kuti aone ngati angatulutse matani amene tinkati tatumiza. Wina anafunsa operator wa pa shift mafunso popanda manejala pafupi. Ife tinapatsidwa exemption, kutanthauza kuti msonkhowo sunatigwire. Koma kampani ina yoyandikana nafe imene inkapanganso moona inachedwa kuyankha, eni ake ankati sizikutikhudza, msonkho unawagwera pamodzi ndi achinyengo ndipo anachotsa anthu ntchito. Anthu amenewo sanalakwe chilichonse. Mpaka pano ndikaganiza zimandiwawa, chifukwa amene anayambitsa zonsezi anangotseka ka ofesi kawo nkukatsegula pa doko lina.

Gologolo:
Ndi zimenezi ndikunenazi. Ukonde ukugwira ndi osalakwa omwe.

Nkhwazi77:
Ukugwira osalakwa chifukwa cha anthu ngati supplier wa a Kamtedza, achimwene. Pakanapanda ozembetsa dziko lonse silikanaikidwa pa mndandanda.

Kamtedza_88:
Zikomo nonse, ndawatumizira abwana nkhani ya saccharin ija ndi zimene ananena a Ajenti. Koma tsopano ndili ndi nkhawa ina, tili ndi supplier wina wa dziko lachitatu amene takhala tikugula kwa iye ndipo sananenepo zachinyengo. Ndingadziwe bwanji kuti iyeyo ndi woona?

Ajenti_wakale:
Funsani adiresi ya fakitale osati ya ofesi, muione pa mapu a pa intaneti ngati pali matanki ndi ma boiler kapena ndi godauni chabe. Certificate of analysis ikhale ndi batch number yogwirizana ndi yolembedwa pa matumba, ndipo muone ngati kalembedwe kake sikakufanana ndi ka fakitale ya ku China. Funsani ziphaso za chitetezo cha chakudya, zimalemba malo enieni opangira. Mtengo ukakhala wotsika kufika pa wa ku China pomwe dziko lakelo lilibe zipangizo zotchipa, dzifunseni. Ngati volume ndi yaikulu pitani kapena tumani auditor. Mu contract muikemo kuti origin ikapezeka yabodza iye ndiye abweza msonkho, ngakhale ndikuuzeni kuti kutolera ndalama imeneyo kwa kampani ya kunja nkovuta. Ku EU mungathenso kupempha a kasitomu chigamulo cha origin cholembedwa musanaitanitse, amati Binding Origin Information, ku America nako kuli ma ruling otere. Zonse musunge mu fayilo, tsiku lina akadzafunsa kuti munasamala bwanji mudzaonetse.

Phwitiko:
Funso lomaliza kwa ine. Nanga kampani ya ku China ikamanga fakitale yeniyeni mdziko lina, matanki, antchito, zonse, cholinga chili chothawa msonkho chomwecho. Kumeneko ndi kuzemba?

MaiNachisale:
Mayiko sanagwirizanepo mpaka lero. Ku Marrakesh mu 1994 pamene ankasaina mapangano a WTO analephera kumvana pa malamulo a circumvention, anangoitumiza nkhaniyo ku komiti, ndiye dziko lililonse lili ndi muyezo wake. Ku EU pa katundu wolumikizidwa kapena womalizidwa kwina amati ndi kuzemba ngati zipangizo zochokera ku dziko la msonkho zafika 60 peresenti ya mtengo wa zipangizo zonse, pokhapokha ngati ntchito yoonjezeredwa yaposa 25 peresenti ya ndalama zopangira. Ku America ndime 781 ya Tariff Act ilibe nambala, amangoona ngati ntchito yochitidwa kwinako ndi yaing'ono. Koma fakitale yopanga kuyambira pa chiyambi kawirikawiri siigwa mmenemo. Onani citric acid yemweyu ku America, msonkho wa China unabwera 2009, kenako wa ku Thailand anachuluka, ndipo ena mwa mafakitale a kumeneko eni ake ndi a ku China monga COFCO. Opanga a ku America anachita kutsegula mlandu watsopano wa dumping, ndipo mu 2018 msonkho unaikidwa pa Thailand, Belgium ndi Colombia, kampani iliyonse yofufuzidwa ndi mlingo wake malinga ndi mitengo yake.

Gologolo:
Belgium yomwe? Ndiye wopanga wa ku Europe amene akutetezedwa kwa a ku China kwawo, ku America iyenso ndi wa dumping.

MaiNachisale:
Eya, lamulolo limayerekeza mtengo wa kwanu ndi mtengo umene mwagulitsira kunja, aliyense lingamugwire. Malire ake ndi 2 peresenti, kusiyana kukachepera pamenepo kafukufuku amatsekedwa.

Dzombe_J:
A WaLabu, za chinangwa ndi chimanga zija, labu wamba ingayeze kapena zimafuna makina apadera? Pali munthu akufunsa ku inbox.

WaLabu:
Zimafuna isotope ratio mass spectrometer, ma labu ochepa okha ali nayo, ambiri ndi amene amayeza uchi ndi juwisi. Auzeni atumize sample yotengedwa mu thumba losatsegula pamaso pa mboni, alembe batch number, ndipo asunge ina yofanana nayo kuti supplier akatsutsa iyezedwenso kwina.